Mutu 12: "Drawl", Kalankhulidwe Kokoka Mawu

M'chaka cha 1857, mnyamata wina wa zaka 21 dzina lake Samuel Clemens anakwera sitima ya pamadzi yotchedwa Paul Jones, yomwe inkapita ku New Orleans kudzera mumtsinje wa Mississippi ku America. Ali m'njira anapita kwa woyendetsa sitimayo, Horace Bixby, kukapempha kuti amuphunzitse ntchito. Ali mkati mokambirana, khutu la Bixby linakodwa ndi kalankhulidwe ka mnyamatayo. Liwu lililonse linkatuluka mochedwa, lotalika kuposa msinkhu wake. Albert Bigelow Paine, amene analemba mbiri ya moyo wa Clemens, akuti Bixby anafunsa mnyamatayo chifukwa chomwe amakokera mawu chotero, ndipo iye anayankha kuti funsolo likafunsidwe kwa mayi ake, pakuti nawonso amakoka awo.

Mnyamatayo ndiye anadzatchuka padziko lonse ndi dzina loti Mark Twain. Kalankhulidwe komwe kanadabwitsa Bixby kanadzamudyetsa, chifukwa atayamba kuyendayenda n'kumakamba nkhani zoseketsa m'maholo, anthu ankayamba kuseka nthabwala isanafike n'komwe pamapeto. Eni Chingerezi ali ndi liwu limodzi lotchulira kalankhulidwe kotere. Liwulo ndi "drawl".

Tanthauzo lake

"Drawl" amagwira ntchito ngati mneni komanso ngati dzina. Akakhala mneni amatanthauza kulankhula mochedwa, mokoka malembo a liwu. Akakhala dzina amatanthauza kalankhulidwe kameneko, ndipo kawirikawiri amayenda ndi dzina la dera: ka kummwera kwa America, ka ku Texas, ka kumidzi ya ku Australia.

Si aliyense wolankhula pang'onopang'ono amene ali ndi "drawl". Mphunzitsi amene akutchula liwu limodzilimodzi kuti ana alembe m'makope akungodekha basi. Munthu wachibwibwi amakakamira pachiyambi pa liwu kapena kulibwerezabwereza, ndipo eni Chingerezi amati "stammer" kapena "stutter". Woledzera lilime limamulemera, mawu amaphatikana osamveka malire, ndipo pamenepo amati "slur". Wolankhulira m'mphuno amati ali ndi "twang". Wa "drawl" alibe vuto lililonse mwa amenewa. Mawu ake amamveka bwinobwino, kungoti pakati pa liwu, pamene pali a, e, i, o kapena u, amakhalapo nthawi yaitali asanapitirire.

Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi phindu loposa la m'kalasi. "Drawl" ndi kalankhulidwe komwe munthu amakula nako kapena kusankha dala. Munthu amene amalankhula bwinobwino masiku onse akangoyamba mwadzidzidzi kukoka mawu, lilime litalemera, kukamwa kutapotokera mbali imodzi kapena mkono utafooka, amenewo ndi matenda. Kawirikawiri ndi sitiroko, ndipo wotereyo afunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kumene liwuli linachokera

Liwuli linayamba kuoneka m'mabuku a Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Akatswiri ambiri a mbiri ya mawu amaliyandikiza kwa liwu la Chidatchi loti "dralen", lomwe limatanthauza kuzengereza, pamene ena amati ndi mphukira ya mneni wa Chingerezi "draw", kutanthauza kukoka. Mbali zonse ziwirizi zikuloza kumodzi: chinthu chomwe chikanatha msanga chikutalikitsidwa.

Chofunika kudziwa n'chakuti liwuli linabadwa lili lonyoza. William Shakespeare analigwiritsa ntchito m'sewero lake la The Merry Wives of Windsor, lomwe linasindikizidwa koyamba mu 1602, ndipo m'menemo munthu wina akunyoza nalo mnzake wolankhula mwamatama. Nthawi imeneyo ku America kunalibe mudzi wokhazikika wa Angerezi ngakhale umodzi. Choncho ngakhale lero liwuli limakumbutsa anthu za Texas ndi Alabama, oyamba kunenedwa nalo anali Angerezi a ku England komweko.

Ku England, kukoka mawu kunkadziwika ngati khalidwe la anthu apamwamba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, gulu la olemera lomwe linkasonkhana ku Devonshire House mumzinda wa London, kunyumba ya Georgiana, mkazi wa Duke wa ku Devonshire, linali ndi kalankhulidwe kakekake, kokoka mawu ndi kosakaniza ndi zachibwana, komwe anthu anakapatsa dzina la nyumbayo. Uthenga wake unali woti: ife sitithamangira kanthu, othamanga ndi antchito athu. Lewis Carroll anasewera ndi liwuli m'buku lake la ana la Alice's Adventures in Wonderland la mu 1865, momwe muli sukulu ya pansi pa nyanja yophunzitsa kukoka mawu ngati phunziro, m'malo mwa kujambula, pakuti m'Chingerezi mawu awiriwa, "drawling" ndi "drawing", amamveka mofananako.

Olemba nkhani a Chingerezi akugwiritsabe ntchito tanthauzo lakaleli. M'malo molemba kuti munthu "anati", amalemba kuti "drawled", ndipo wowerenga amadziwiratu kuti wolankhulayo akunyoza, watopa nawo anzakewo, kapena akudzimva. M'mabuku a Harry Potter a J. K. Rowling, omwe loyamba linatuluka mu 1997, mnyamata wonyada wa kubanja lolemera, Draco Malfoy, amazindikirika ndi liwu limeneli nthawi zambiri akatsegula pakamwa.

Zimene zimachitika m'kamwa

Kalankhulidwe kokoka mawu kodziwika kwambiri ndi ka kummwera kwa United States, kuyambira ku Virginia, kudutsa North Carolina, South Carolina, Georgia, Tennessee, Alabama, Mississippi, mpaka ku Texas. Eni dzikolo amakayerekeza ndi uchi wotsika pang'onopang'ono m'botolo. Kwathu kuno tikanati therere, lomwe ukalitapa ndi mbamu ya nsima limakokeka osaduka msanga.

Tengani liwu loti "bed". Pakamwa pa munthu wa ku London kapena wa ku Chicago, limeneli ndi phatikizo limodzi lalifupi: lilime limagunda pa "e" n'kuchokapo. Pakamwa pa mlimi wachikulire wa ku Alabama, "e" yemweyo amatalika, lilime limakwera ngati likupita pa "y", kenako limatsika n'kumalizira ndi kaliwu kofooka koyandikira "a". Khutu lathu limamva ngati wanena "be-yad". Chimodzimodzinso "yes" amamveka ngati "ye-yas", ndipo "sit" ngati "si-yat". Liwu la phatikizo limodzi lasanduka la maphatikizo awiri. Pamwamba pa zimenezo, mawu amayamba mokwera n'kutsetsereka pamapeto. Yesani kutchula "ye-yas" mokweza, ndipo muona kuti lilime lanu layenda ulendo wautali kuposa pamene munena "yes" wamba.

Palinso kusintha kwina kobwerera m'mbuyo. M'mawu ngati "ride", "time" ndi "my", Chingerezi cha kusukulu chimayamba ndi "a" n'kuthera pa "i". Kummwera "i" womalizayo amatayika, n'kutsala "a" mmodzi wautali: "raad", "taam", "maa". Ndiye kuti chomwe ena amachitchula chimodzi, iwo amachigawa pawiri, ndipo chomwe ena amachitchula pawiri, iwo amachisalaza kukhala chimodzi. M'madera omwewo "pin" ndi "pen" amamveka mofanana, moti wofuna cholembera amawonjezera liwu loti "ink" kutsogolo kuti asapatsidwe phini. William Labov ndi anzake Sharon Ash ndi Charles Boberg anajambula malire a zonsezi m'buku lawo la mapu a kalankhulidwe ka ku North America lomwe linatuluka mu 2006.

Kodi ndiye kuti anthu a kummwera amachedwadi polankhula? Kafukufuku wa mu 2009 wa Ewa Jacewicz, Robert Fox ndi anzawo anayerekeza anthu a ku Wisconsin, kumpoto, ndi a ku North Carolina, ndipo anapeza kuti a kumpotowo amafulumirako. Koma kusiyanako sikufika pamene nthabwala zimakufikitsa. Kukokako sikugwera liwu lililonse. Kumagwera mawu amene wolankhula akufuna kuwatsindika, makamaka aafupi ndi a kumapeto kwa chiganizo, pamene timawu tating'onoting'ono ta pakati timapanikizidwa n'kudutsa mofulumira. Khutu la mlendo limagwira mawu otalikawo, n'kuiwala ofupikawo, kenako n'kugamula kuti munthuyu ndi wochedwa pa zonse.

Nthano ya kutentha

Funsani munthu wamba ku America chifukwa chake a kummwera amakoka mawu, ambiri adzakuuzani kuti n'chifukwa cha dzuwa: kumatentha, anthu amafooka, lilime nalo limachita ulesi. Maganizo amenewa alibe umboni. Kukanakhala kuti kutentha kumalemetsa lilime, bwenzi anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa akutha tsiku lathunthu akupatsana moni. Anthu a ku Cuba ndi Puerto Rico amakhala kotentha, koma Chisipanishi chawo chimatchuka ndi liwiro. Olemera a ku London aja ankakoka mawu ali m'chisanu. Ndipo taona kale kuti kunena "ye-yas" n'kogwiritsa lilime ntchito yambiri kuposa kunena "yes". Waulesi akanasankha chachifupicho.

Gwero lenileni lili m'mbiri ya anthu. Angerezi anakhazikitsa mudzi wa Jamestown ku Virginia mu 1607, ndipo ambiri mwa amene anadzaza madera a m'mbali mwa nyanja anachokera kummwera kwa England. Kuyambira mu 1619 kunayamba kufika Aafirika ogwidwa ukapolo, omwe m'kupita kwa zaka anachuluka kwambiri m'minda ya fodya, mpunga ndi thonje. M'zaka za m'ma 1700 kunabwera anthu ochokera kumpoto kwa Ireland, ambiri a iwo a mtundu wa ku Scotland, n'kukakhala kumapiri a Appalachia. Magulu onsewa anali ndi Chingerezi chawochawo. A m'mbali mwa nyanja ankameza "r" wa kumapeto kwa liwu, a kumapiri ankamutchula mwamphamvu. Ana a azungu eni minda ankaleredwa ndi amayi achikuda ndi kusewera ndi ana awo, ndipo akatswiri akukanganabe kuti ndani anatengera zambiri kwa mnzake.

Katswiri wina, Guy Bailey, atafufuza zolembedwa zakale ndi mawu ojambulidwa a anthu obadwa m'zaka za m'ma 1800, anapeza kuti zambiri zomwe lero zimatchedwa kalankhulidwe ka kummwera zinafalikira nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 itatha, makamaka kuyambira cha m'ma 1875. Imeneyi inali nthawi yomwe njanji, masitolo a kumidzi ndi mafakitale a nsalu zinkasonkhanitsa anthu omwe kale ankakhala motalikirana. Choncho kalankhulidweka si chotsalira cha Chingerezi cha Shakespeare monga ena amanenera. N'katsopano kuposa momwe kamamvekera.

Khutu loweruza

Kummwera ndiko kunagonja pankhondo ija, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake kunali kosauka kuposa kumpoto. Mawayilesi aakulu, makampani a mafilimu ndi osindikiza mabuku anali ku New York, Chicago ndi California. Amene ali ndi wayilesi ndiye amasankha kalankhulidwe koyenera kutchedwa "kabwino". Mu mafilimu, munthu wokoka mawu anakhala wapolisi wankhanza wa kumudzi, mlimi wosaphunzira, kapena chitsiru chamtima wabwino.

Dennis Preston, katswiri wofufuza momwe anthu wamba amaonera zilankhulo, anapatsa anthu a ku Michigan mapu a dziko lawo kuti asonyeze kumene kumalankhulidwa Chingerezi cholondola. Iwo anadziika okha pamwamba, ndipo madera a kummwera, makamaka Alabama, anawaika pansi. Chomvetsa chisoni kwambiri chinapezeka mu 2013, pamene Katherine Kinzler ndi Jasmine DeJesus anauza ana a ku Illinois ndi a ku Tennessee kuti amvetsere mawu a anthu a mbali ziwirizi. Ana a zaka 5 ndi 6 sankagwirizanitsa kalankhulidwe ndi nzeru. Koma a zaka 9 ndi 10, a kumpoto ndi a kummwera omwe, ankati wolankhula ngati wa kumpoto ndiye wanzeru ndiponso woyenera kukhala bwana, pamene wa kummwera ndi wamtima wabwino. Mwana wa ku Tennessee anali ataphunzira kale kuti kalankhulidwe ka mayi ake n'kosayenera pampando.

Mu 2014, malo a boma ofufuzirako za sayansi a Oak Ridge National Laboratory, omwe ali ku Tennessee komweko, analengeza za maphunziro a masabata 6 othandiza antchito kuchepetsa kalankhulidwe ka kummwera. Antchito ena anakwiya, ndipo maphunzirowo anathetsedwa asanayambe.

Apa ndi pamene pagona mutu wa nkhani. Kukoka mawu kwa mwana wa mfumu ku London kumamveka ngati kunyada. Kukoka komweko pakamwa pa mlimi wa ku Mississippi kumamveka ngati umbuli. Lilime lachita chinthu chimodzi, koma chigamulo chasiyana chifukwa woweruza anayamba wayang'ana thumba la wolankhulayo. N'chifukwa chake liwu loti "drawl" kawirikawiri limatuluka pakamwa pa mlendo. Kwa munthu wobadwira ku Georgia, amayi ake sakoka mawu. Amangolankhula, ndipo a ku New York ndi amene amathamanga ngati akuthawa moto.

Pamene kuchedwa kuli mphamvu

Komabe kalankhulidwe konyozedwaka kalowa m'nyumba ya pulezidenti kangapo. Lyndon Johnson wa ku Texas, amene anasayina lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse mu 1964, ankakoka mawu. Jimmy Carter, mlimi wa mtedza wa ku Plains ku Georgia amene anasankhidwa mu 1976, anali ataphunzira kusukulu ya asilikali a pamadzi ya Annapolis. Bill Clinton wa ku Arkansas anaphunzira ku Oxford ndi ku Yale. Kunja kwa ndale, William Faulkner wa ku Mississippi analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba ya chaka cha 1949.

Ena anasandutsa chitonzocho kukhala chida. Mu 1973, pamene nyumba ya malamulo ya Senate inkafufuza mlandu wa Watergate womwe unadzagwetsa Pulezidenti Richard Nixon, wapampando wa komiti yofufuzayo anali Sam Ervin wa ku North Carolina. Mkuluyu ankakoka mawu, ankakamba nkhani za kumudzi, ndipo ankakonda kudzitcha loya wamba wa kumudzi. Koma malamulo anawaphunzira ku Harvard. Mboni zina zinkabwera zikumuyesa gogo wosinza, n'kuzindikira mochedwa kuti funso lomwe labwera pang'onopang'ono lija lawatsekera kale njira yothawira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mumlengalenga namo muli nkhani yake. Tom Wolfe, m'buku lake la The Right Stuff la mu 1979, analemba kuti oyendetsa ndege a ku America anatengera kalankhulidwe kawo kodekha kwa Chuck Yeager wa ku West Virginia, munthu woyamba kuuluka mothamanga kuposa liwiro la phokoso, pa 14 Okutobala 1947. Woyendetsa ndege akamauza anthu mokoka mawu kuti kutsogoloku kuli kamphepo pang'ono, ndege ikugwedezeka, okwera mitima imakhala pansi. Munthu wamantha amafulumira polankhula, ndiye wochedwa amamveka ngati zinthu zili m'manja mwake. Alaliki a m'matchalitchi a anthu akuda a kummwera amadziwa bwino luso limeneli. Martin Luther King, wobadwira ku Atlanta mu 1929, ankayamba ulaliki motsitsa ndi mochedwa, akutalikitsa mawu, kuti mpingo upeze mpata woyankhira, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono.

Ochita mafilimu amavutika nako kalankhulidweka. Vivien Leigh, Mngerezi amene anasewera mu Gone with the Wind mu 1939, anachita kuphunzitsidwa ndi Susan Myrick wa ku Georgia. Tom Hanks, posewera mu Forrest Gump mu 1994, anatsanzira Michael Conner Humphreys, kamnyamata ka ku Mississippi komwe kankasewera Forrest ali mwana.

Mmene kanafikira m'makutu athu

Amalawi ena anakamva kumene kamachokera. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg ku Virginia. Atabwerera mu 1900 n'kukhazikitsa Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, anabwera kudzamuthandiza Landon Cheek wa ku Mississippi ndi Emma DeLaney wa ku Florida, onse ana a kummwera. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala mu 1937 ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville ku Tennessee.

Koma ambirife tinakamvera pawayilesi. Nashville yemweyo ndiye likulu la nyimbo za country, zomwe zakhala zikukondedwa kwambiri ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Don Williams wa ku Texas anafika mpaka ku Harare kudzaimba mu 1997. Dolly Parton anabadwira kumapiri a ku Tennessee mu 1946, ndipo kalankhulidwe ka kwawo sanakasiye. Aliyense amene anaimbako motsatira oimba amenewa, n'kunena "maa" m'malo mwa "my", anakokako mawu ngati wa kummwera osadziwa. Nyimbo za blues ndi rock nazo zinachokera kumeneko, ndipo Peter Trudgill anasonyeza mu 1983 kuti oimba a ku Britain a m'zaka za m'ma 1960 ankatchula mawu ngati Aamerika akamaimba, ngakhale kuti polankhula ankabwerera kwawo.

Nanga Chichewa?

Nafenso timakoka mawu, koma mwa dongosolo lina. Tchulani mokweza kuti "ndaona nyumba". Mumva kuti "u" watalika: nyuumba. Tsopano nenani "ndaona nyumba yathu". "U" uja wafupika, ndipo kutalikako kwasamukira pa "yaathu". M'Chichewa, phatikizo lotsatizana ndi lomaliza limatalika pamene chiganizo kapena chigawo chake chikuthera. Polemba sitisonyeza, ndipo ambiri sitidziwa kuti timatero, koma mlendo wophunzira Chichewa akalephera kutalikitsa pamenepo timamumva nthawi yomweyo. Al Mtenje ndi Laura Downing anafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lawo la kamvekedwe ka Chichewa la mu 2017.

Timakokanso dala pofuna kuwonjezera tanthauzo. "Uko" ndi poti ungaloze ndi chala, "ukooo" ndi koti unyamule kamba. "Kale" ndi "kalekaleee" si nthawi imodzi. Mivekero yathu yambiri imakhalira pa kukoka komweku: zii, phee, mbee, bii, psuu. Ndipo mayi akayankha mwana kuti "ee" mwachidule, wavomera, koma akati "eeee" akumuyang'ana m'maso, mwanayo adziwe kuti bodza lake lagwidwa. Kusiyana kwathu ndi a ku Alabama n'kwakuti kwa ife "a" amakhalabe "a" ngakhale umukoke chotani. Sapindika kusanduka liwu lina panjira.

Pankhani yoweruza, mwambo wathu umapita kwina. Pabwalo la milandu, nyakwawa kapena mfumu yolankhula mothamanga anthu sangaipatse ulemu. Ankhoswe pachinkhoswe, kapena wopereka uthenga pamaliro, amaika mawu limodzilimodzi, ndipo mwana wolankhula mofulumira pamaso pa akulu amauzidwa kuti adekhe. Koma tisadzitame msanga. Kuseka mnzathu chifukwa Chichewa chake chikumveka cha kumpoto, cha kunyanja kapena cha kuchigwa cha Shire, kapena kuyesa nzeru za munthu ndi momwe akutchulira Chingerezi, ndi matenda omwe aja a anthu a ku Michigan.

Womasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi asamangolemba kuti "analankhula mokoka mawu" paliponse pamene wapeza "drawled". Ayambe wafunsa kuti wolankhulayo ndani. Ngati ndi mwana wa olemera akuyankha wantchito, Chichewa chake ndi "anayankha monyoza" kapena "mwamatama". Ngati ndi woyendetsa ndege, ndi "modekha". Ngati ndi mlimi wa ku Texas, pamenepo ndiye "mokoka mawu monga amalankhulira kwawo".

Kodi kakutha?

M'mizinda ikuluikulu ya kummwera, kalankhulidweka kakuchepa. Robin Dodsworth, atajambula mawu a anthu ambirimbiri a mumzinda wa Raleigh ku North Carolina, anapeza kuti kanayamba kuzilala mwa anthu obadwa pambuyo pa 1950. Chifukwa chake chikuoneka. Mu 1959 pafupi ndi mzindawo anatsegula malo a makampani a sayansi otchedwa Research Triangle Park, kampani ya IBM inafika m'zaka za m'ma 1960, ndipo antchito ochokera kumpoto anabwera ndi mabanja awo. Ana a eni dera anakhala m'kalasi limodzi ndi ana a alendowo, ndipo mwana amatengera kalankhulidwe ka anzake osewera nawo kuposa ka makolo ake. Mu 2023, Margaret Renwick wa ku University of Georgia ndi anzake anapeza zofananazo ku Georgia, kumene kusintha kwakukulu kunaoneka mwa anthu obadwa kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1960.

Kumidzi ndi m'matauni aang'ono kadakalipo, ndipo anthu ambiri ali ndi malilime awiri: la kuntchito, ndi lomwe limabwerera lokha akangoimbira foni kwawo. Andale nawo amadziwa nthawi yolitulutsa, makamaka pofuna mavoti.

Mukakumana ndi liwu loti "drawl" m'buku kapena m'nyuzipepala, funsani mafunso awiri: akukoka mawuyo ndani, ndipo amene akumunenayo ndi wa kuti. Ndipo mukakumana ndi munthu wolankhula mochedwa, kaya ndi m'Chingerezi kaya m'Chichewa, mudikireni amalize musanamuyeze nzeru.